Kuchokera ku Zomba mpaka patsinde pa Everest: mafunso ndi mayankho

Pakati pa anthu amene timakonda kukwera phiri la Zomba Loweruka m'mawa, nkhani ya Everest sichedwa kubuka. Wina amaiyambitsa tikupumira ku Emperor's View, maso ali pa phiri la Mulanje chapatali uko, n'kufunsa ngati munthu wa kuno angathedi kukafika ku Nepal n'kukaima patsinde pa phiri lalitali kuposa onse. Mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye tawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho ake. Safunsa anadya phula.

Kodi ndikafika pa msasa wa patsinde ndiye kuti ndakwera Everest?

Ayi, ndipo musadzanene choncho pagulu. Nsonga ya Everest ili pa mamita 8,849 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Msasa umene tikunenawu, wa mbali ya Nepal, uli pa mamita 5,364. Otsalawo ndi mamita pafupifupi 3,500, ndipo amenewo ndi a anthu a zingwe ndi mabotolo a mpweya, amene amakhala pa msasapo milungu ingapo akudikira nyengo yabwino. Inu mumangoyenda wapansi m'njira yopondedwa, yodutsa m'midzi, popanda chingwe kapena nkhwangwa yoswera madzi oundana. Mukafika mumajambulitsa, n'kubwerera.

Chimene chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti pa msasapo nsonga ya Everest sioneka bwino, imabisika kuseri kwa mapiri oyandikana nayo monga Nuptse. Wofuna kuiona bwinobwino amalawira m'bandakucha kukwera kaphiri ka Kala Patthar, kamene kamapitirira pang'ono mamita 5,500.

Njira yake imadutsa kuti, ndipo imatenga masiku angati?

Ambiri amayambira ku Lukla, kamudzi kamene kali ndi bwalo la ndege pa mamita pafupifupi 2,850. Kuchoka pamenepo kufika pa msasa ndi makilomita pafupifupi 65, kupita n'kubwera 130, ndipo zimatenga masiku 12 mpaka 14. Tsiku loyamba mumatsikira ku Phakding motsatira mtsinje wa Dudh Koshi. Lachiwiri mumalowa mu Sagarmatha National Park pa Monjo, kuwoloka milatho yolendewera m'malere, n'kukwera chitunda chachitali chofika ku Namche Bazaar, pa mamita 3,440. Kumeneko mumagona masiku awiri. Kenako ndi Tengboche (3,867) kumene kuli nyumba yaikulu ya mapemphero ya Abuda, Dingboche (4,410) kumene mumagonanso kawiri, Lobuche (4,940), ndi Gorak Shep (5,164), komwe ndi kogona komaliza. Pobwerera masiku atatu kapena anayi amakwana.

Mukawerengera bwino, ndi makilomita 10 kapena 12 patsiku. Mayi wonyamula nkhuni kuchokera m'phiri la Zomba amayenda mtunda wonga womwewo dzuwa lisanafike paliwombo.

Ine njira ya Potato Path ya pa phiri la Zomba ndimakwera osapuma, Sapitwa ndinafika. Ndiye kuti kwa ine n'zophweka, eti achimwene?

Funso limeneli ndi limene limatidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa olifunsa ndi amene amakavutika kwambiri. Miyendo muli nayo, sitikukana. Koma taonani manambala. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900. Malumbe, nsonga yaitali ya phiri lathuli, imangopitirira pang'ono mamita 2,000. Sapitwa, pamene m'Malawi muno palibenso pokwera kuposa pamenepo, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti mukangotsika ndege ku Lukla, musanaponde n'komwe phazi m'njira, muli kale pafupi ndi msinkhu wa Sapitwa, ndipo usiku wachiwiri mukugona pamwamba kuposa paliponse pamene munthu angaime m'dziko muno.

Munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Pa msasa wa patsinde, kukoka mpweya kamodzi kumabweretsa okosijeni wokwana pafupifupi theka la amene mungakoke m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limazolowera ndithu: mumayamba kupuma mofulumira ngakhale muli m'tulo, impso zimasintha kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo pakapita masiku magazi amayamba kuchuluka. Koma zimenezi zimafuna masiku, ndipo mphamvu za m'miyendo sizizifulumizitsa. Msilikali wa ku Cobbe Barracks ndi mphunzitsi wopuma ntchito amazolowera pa liwiro limene matupi awo anabadwa nalo, ndipo palibe angadziwiretu kuti wachangu ndani.

Vuto la munthu wamphamvu ndi lakuti amatha kukwera msanga kuposa mmene thupi lake lingazolowerere. Amafika ku Namche masana anzake akadali kumtsinje, m'mawa mwake n'kuona ngati tsiku lopuma n'kutaya ndalama, napitirira. Ku Dingboche ndiye amakagwa. Mnzake uja amene ankatsalira, akuima pang'ono aliponse kujambula maluwa, amam'dutsa ali chigonere.

Lamulo limene madokotala a m'mapiri amapereka ndi ili: mukapitirira mamita 3,000, pamene mukugona lero pasakwere ndi mamita oposa 500 poyerekeza ndi pamene munagona dzulo, ndipo masiku atatu kapena anayi aliwonse mugone kawiri malo amodzi. Tsiku lopumalo silogona m'bulangete. Mumakwera masana, monga kuchoka ku Namche kupita ku Hotel Everest View pa mamita 3,880, n'kutsikanso kukagona kumunsi. Kampani ikakulonjezani ulendo wonse m'masiku 9, dziwani kuti yadula masiku opumawo, ndipo ife timati ikaneni ngakhale mtengo wake ukhale wokoma bwanji.

Nanga matenda a kumtundako ndingawadziwe bwanji?

Amayamba ndi mutu. Kenako nseru, kusafuna kudya, chizungulire, kufooka ndi kusowa tulo. Zikakhala zochepa chonchi, musakwerenso. Khalani pomwepo tsiku limodzi kapena awiri, imwani madzi, imwani panado. Zikapanda kusintha kapena zikakula, tsikani.

Pali mitundu iwiri imene imapha. Wina madzi amadzaza m'mapapo: munthu amabanika ngakhale atangokhala, amatsokomola, nthawi zina makhololo a thovu ofiirira, milomo n'kuda. Wina ubongo umatupa: munthu amadzandira ngati waledzera, amalankhula zosagwirizana, amangofuna kugona. Kuti muone, jambulani mzere pansi, mumuuze ayende pamzerepo chala cha phazi chikugunda chidendene. Akalephera, ulendo watha. Mutsike naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku ndi matochi, ndipo asatsike yekha. Kutsika mamita 500 kapena 1,000 kumasintha zinthu kwambiri. Ku Pheriche, pafupi ndi Dingboche, kuli kachipatala ka Himalayan Rescue Association kamene kamatsegulidwa m'nyengo za alendo, ndipo madokotala ake amaphunzitsa za matendawa masana.

Ife Amalawi tili ndi msampha wathuwathu. Mutu ukawawa ndi kuphwanya m'thupi, maganizo amathamangira ku malungo. Kumtunda uko kulibe udzudzu wa malungo, ndipo mutu uliwonse muziuyesa wa kukwera mpaka zitadziwika kuti si choncho. Komabe malungo mukhoza kunyamuka nawo kuno, makamaka ngati mwagona ku Chilwa kapena ku Liwonde masabata awiri musananyamuke, n'kukaonekera muli ku Tengboche. Kutentha thupi kwambiri ndi kunjenjemera si zizindikiro za kukwera. Kayezetseni magazi musananyamuke, ndipo kambiranani ndi adokotala zonyamula LA m'chikwama, chifukwa kumeneko simungayembekeze kumupeza.

Ndamva za mankhwala a Diamox. Ndigule?

Dzina lake lenileni ndi acetazolamide, ndipo amathandizadi thupi kuzolowera msanga. Amachititsa dzanzi m'zala, kukodza pafupipafupi, ndipo zakumwa zoziziritsa kukhosi zimamveka zosakoma. Kumwa kapena kusamwa, ndi mlingo wake, mukambirane ndi adokotala, makamaka ngati mankhwala onga Bactrim kapena Fansidar amakuwengani. Sakupatsani chilolezo chothamanga.

Ndili ndi BP. Mnzanga ali ndi shuga. Tingapite?

Ambiri a BP ndi shuga amapita n'kubwerako bwino ngati matendawo akulamulirika ndipo adokotala avomereza. Amene amamwa ma ARV nawonso amapita. Anyamule okwanira ndi otsala, m'chikwama cha m'manja, osati cha wonyamula katundu. Nthawi ya ku Nepal ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi mphindi 45, choncho werengerani bwino nthawi yomwera. Insulin ndiye muziisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, chifukwa ikaundana yawonongeka.

Chimene makampani a ku Kathmandu, likulu la Nepal, sangakufunseni, chifukwa alendo awo ambiri ndi azungu, ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Munthu wodwala matendawa asapite. Ngakhale amene sadwala koma anatengera mbali imodzi kwa kholo limodzi, kapamba akhoza kumuvuta pamalo okwera chonchi. Ngati m'banja mwanu muli wodwala, kayezetseni kaye.

Ndikonzekere bwanji kuno ku Zomba?

Apa ndiye tili ndi mwayi kuposa anzathu a ku Lilongwe, amene amakonzekera pokwera masitepe a nyumba zosanja. Yambani miyezi itatu kapena inayi ulendo usanafike. Kawiri pa sabata kwerani Potato Path ndi chikwama cha makilogalamu 6 kapena 8. Loweruka talikitsani: kuchokera m'tauni, kudutsa ku Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi, mpaka ku Chingwe's Hole, n'kubwerera wapansi, osati pa njinga yamoto. Kutsikako musakunyoze, chifukwa maondo amafera potsika, ndipo kuchoka ku Gorak Shep kubwerera ku Lukla n'kutsika masiku atatu otsatizana pa miyala.

Chofunika kuposa kutalika kwa tsiku limodzi n'kudzuka mawa lake n'kuyendanso miyendo ikupweteka. Ndiye yendani Loweruka, mubwerezenso Lamlungu madzulo. Ulendo usanafike, pitani ku Mulanje masiku atatu kapena anayi, kuyambira ku Likhubula, kugona m'nyumba za m'phiri monga Chambe ndi Chisepo, n'kukwera Sapitwa. Mukapite mu Juni kapena Julayi ngati n'kotheka, kuti mudziwe kuvala nsapato zozizira m'mawa zala zitauma.

Phunziraninso kuyenda pang'onopang'ono, zimene kwa ambiri a ife n'zovuta kuposa kuthamanga. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kucheza nalo osadula mawu.

Mwezi wabwino ndi uti?

Marichi mpaka Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumagwa mvula yambiri, mapiri amabisika m'mitambo ndipo ndege zimalephereka. Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa. Wofuna kuona matenti a okwera nsonga apite mu Epulo kapena Meyi. Mu Okutobala pa msasapo mumangopeza miyala ndi mbendera, koma kumwamba kumakhala kuli mbee.

Akuti ndege ya ku Lukla ndi yoopsa. N'zoona?

Msewu wake wotera ndege ndi wa mamita 527 okha, wotsetsereka, mbali ina phompho mbali ina khoma la phiri. Ngozi zinachitikapo, sitingabise. Ndege zake n'zazing'ono, za anthu osakwana 20, ndipo zimauluka m'mawa mokha kukakhala kopanda mitambo. Chimene chimavutitsa anthu ambiri si ngozi koma kudikira: mitambo ikatseka, mukhoza kukhala ku Lukla masiku awiri kapena atatu mukumwa tiyi. Siyani masiku otsala pakati pa ulendo wa m'phiri ndi tikiti yobwerera ku Chileka. Dziwaninso kuti m'miyezi ya alendo ambiri ndegezi zimanyamukira ku Ramechhap, maola anayi kapena asanu pa galimoto kuchokera ku Kathmandu, ndiye mumadzutsidwa pakati pa usiku. Katundu wololedwa ndi makilogalamu 15 zonse pamodzi.

Zimafuna ndalama zingati?

Zambiri. Makampani a ku Kathmandu nthawi zambiri amalipiritsa pakati pa madola 1,200 ndi 2,000 pa munthu, kuphatikizamo ndege ya ku Lukla, wotsogolera, wonyamula katundu, malo ogona, chakudya ndi zilolezo ziwiri, cha paki ndi cha khonsolo ya Khumbu Pasang Lhamu. Pamwamba pake ikanipo tikiti yochokera kuno. Palibe ndege yolunjika. Mumadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Doha, Dubai kapena Delhi. Viza ya masiku 30 ndi madola 50. Popeza njira zina zimadutsa m'mayiko a yellow fever, tengani kabuku kachikasu ka katemera.

Chimene simuyenera kudumpha ndi inshuwalansi, ndipo muwerenge timalemba tating'ono: iyenera kunena kuti ikukhudza kuyenda wapansi mpaka mamita 6,000 ndi kunyamulidwa pa helikoputa. Inshuwalansi wamba ya apaulendo nthawi zambiri imalekeza pansi pa msinkhu umenewo, ndipo helikoputa yopanda inshuwalansi ndi madola masauzande angapo.

Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki athu, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yambani kupempha madola ku banki kukadali miyezi, tikiti ndi pasipoti zili m'manja. M'phirimo khadi siligwira ntchito m'malo ambiri. Sinthani ma rupee, ndalama za ku Nepal, okwanira ku Kathmandu, makina otapira ndalama a ku Namche musawadalire.

Zovala ndigule kuti? Za pa kaunjika zingathandize?

Zingathandize kwambiri. Pa msika wa Zomba, tsiku lotsegula belo, mumapezeka majuzi a ubweya, majekete osalowa madzi, zipewa ndi magolovesi zimene kunja zimadula koopsa, ogulitsa osadziwa n'komwe chimene agwira. Pewani thonje, likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi ndipo siliuma. Jekete lochindikala la nthenga ndi thumba logonamo mukabwereke ku Thamel, ku Kathmandu, pa mtengo wa patsiku.

Nsapato zokha mugule kuno msanga, zikhale zokulirapo pang'ono kuti sokosi yochindikala ilowe, ndipo muziyende nazo miyezi yonse yokonzekera. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike ku Namche. Musaiwale magalasi a dzuwa enieni ndi mafuta oteteza khungu. Khungu lakuda nalo limapsa kumtunda uko, milomo imang'ambika, ndipo kunyezimira kwa chipale chofewa kumatha kutseka maso masiku awiri.

Tikadya chiyani? Nsima iliko?

Kulibe, ndipo ufa musanyamule, makilogalamu 15 aja sakulolani. Chakudya chodalirika ndi dal bhat: mpunga, msuzi wa mphodza, ndiwo zamasamba ndi mbatata ya kachewere, ndipo akakuonani mwamaliza amakuwonjezerani osalipiritsanso. Ziliponso supu za adyo, mazira ndi timitanda totchedwa momo. Nyama isiyeni mukapitirira Namche. Anthu a kumeneko sapha ziweto m'dera lawo chifukwa cha chipembedzo, ndiye nyama yonse imabwera kuchokera kumunsi, ina pamsana pa munthu, masiku angapo popanda firiji. Mowa dikirani pobwerera. Madzi imwani malita atatu kapena anayi patsiku, owiritsa kapena othira mankhwala. Kamba wa m'thumba ndiye tengani wa kwathu: mtedza wokazinga ndi wopepuka ndipo umakhalitsa m'mimba.

Malo ogona ndi otani?

Ndi nyumba za alendo za mabanja a komweko. Chipinda chimakhala ndi mabedi awiri, makoma a matabwa opyapyala moti mumamva mnzanu wa chipinda china akutembenuka, ndipo mulibe moto. Kofunda ndi kodyera kokha. Chakumadzulo mwini nyumba amabwera ndi chidebe cha ndowe zouma za yak, ng'ombe zaubweya za kumeneko, n'kuthira m'mbaula yachitsulo ya pakati pa chipinda, chifukwa kumtundako mitengo kulibe. Aliyense amakokera mpando pafupi, masokosi atayanikidwa pa mawondo, ketulo ikulira pamwamba. Moto ukazima, anthu amathawira kokagona ngakhale nthawi isanakwane 9 koloko. Ku Gorak Shep usiku kumazizira kufika madigiri 10 kapena kuposa pansi pa ziro, botolo la madzi limaundana pambali pa bedi, ndiye foni ndi mabatire mumagona nazo m'thumba.

Kutchaja foni, intaneti ndi madzi osamba otentha zonse n'zolipira, ndipo mtengo umakwera limodzi ndi phiri. Ambiri amasiya kusamba akadutsa Namche. Walira mvula walira matope.

Ndingapite ndekha popanda wotsogolera?

Njira siisocheretsa kwenikweni, koma ife timati tengani wotsogolera. Boma la Nepal linalengeza kuti kuyambira mu Epulo 2023 alendo oyenda m'mapaki aziyenda ndi wotsogolera wovomerezeka, ndipo ngakhale popanda lamulolo, munthu amene ubongo wayamba kutupa sadziwa kuti akudwala. Pamafunika wina woti amuone.

Wonyamula katundu m'lemekezeni monga mmene mumachitira ndi anyamata a ku Likhubula. Musam'senzetse zopitirira makilogalamu 20 kapena 25, onetsetsani kuti ali ndi nsapato ndi jekete, ndipo akadwala atsike ndi munthu, osati yekha. Pomaliza pamakhala kangachepe, muikiretu padera. Musamatche aliyense wonyamula katundu kuti Sherpa. Asherpa ndi mtundu wa anthu, eni dera la Khumbu, ndipo ambiri mwa iwo ndi eni nyumba zimene mukugonamo. Tenzing Norgay, amene anafika pa nsonga koyamba ndi Edmund Hillary pa 29 Meyi 1953, anali wa mtundu umenewu.

Pali miyambo yoti ndisamale?

Miyala yolembedwa mapemphero ndi timanyumba topatulika mumazidutsa zili ku dzanja lanu lamanja. M'nyumba ya mapemphero vulani nsapato ndi chipewa, ndipo pemphani musanajambule munthu. Mukamva mabelu, ndiye kuti yak zikubwera ndi katundu: patukirani mbali ya phiri, osati ya phompho, ndipo musakumane nazo pa mlatho.

Nanga zigumukire zija tinamva pa wailesi?

Pa 18 Epulo 2014 madzi oundana anagumuka kumtunda kwa msasa, pamalo otchedwa Khumbu Icefall, n'kupha anthu 16 a ku Nepal ogwira ntchito m'phiri. Kumeneko oyenda wapansi safikako. Koma pa 25 Epulo 2015 chivomezi chachikulu chimene chinagwedeza dziko lonse la Nepal chinagwetsa chigumukire pa msasa penipeni, ndipo anthu pafupifupi 20 anafa. Zoterezi n'zosowa. Mwa oyenda wapansi, ambiri amene amatsitsidwa pa helikoputa vuto limakhala la kukwera mofulumira lija.

Kodi alipo anthu a kuno ku Africa amene anafika pa nsonga penipeni?

Alipo. Sibusiso Vilane wa ku South Africa anafika mu Meyi 2003, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kutero. Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia kuno pafupi, anafika pa 16 Meyi 2019 atayesa kangapo n'kubwerera panjira.

Ndalama zikapanda kukwana, kapena masiku a tchuthi akachepa, palinso kwina?

Ku Nepal komweko kuli msasa wa patsinde pa Annapurna, pa mamita 4,130, umene umayambira chakufupi ndi tauni ya Pokhara, osafuna ndege ya ku Lukla, ndipo umatenga sabata imodzi kapena masiku 10. Kilimanjaro ali pafupi, mukhoza kupita pa basi kudzera ku Songwe ndi Mbeya, koma musamuyese wosavuta: nsonga yake ndi mamita 5,895, kuposa msasa wa Everest, ndipo anthu amamukwera m'masiku ochepa kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amadwala. Mukasankha kumeneko, tengani njira ya masiku 7 kapena 8, osati ya masiku 5.